Ndisiye Finance n'kuyamba Accountancy monga akufunira amalume?

FUNSO

Alangizi,

Ndine mtsikana wa zaka 20, ndili m'chaka chachiwiri pa yunivesite ina mumzinda wa Blantyre, komwe ndikuphunzira Finance. Amene amandilipirira fizi ndi amalume anga. Patchuthi chapitachi anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ndinalakwitsa posankha kosi. Akuti akauntanti sasowa ntchito popeza kampani iliyonse, ngakhale mpingo, imafuna wolemba mabuku a ndalama, pomwe a Finance malo awo ndi kubanki kokha, ndipo mabanki m'dziko muno ndi owerengeka. Akufuna ndisinthe kosi ngakhale nditabwerera chaka chimodzi m'mbuyo. Ine maphunzirowa ndimawakonda, koma masamu ake akundizunguza mutu, ndipo zitsanzo zambiri za m'mabuku athu n'za ku America, moti ndimakayika ngati zidzandithandize kuno kwathu. Sindikufuna kuwanyoza amalume. Nditani?

Wothedwa nzeru, Blantyre

YANKHO

Mwana wanga,

Usasinthe kosi. Koma usaganizenso kuti amalume ako akungolankhula zopanda mutu. Munthu amene akudzimana kuti iwe uphunzire ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalama zakezo zikupita kuti, ndipo mbali ina akunena zoona: ntchito zolemba mabuku a ndalama zimalengezedwa kawirikawiri kuposa ntchito zina zokhudza ndalama. Pomwe aphonya ndi poganiza kuti wa Finance alibe kolowera kupatula pakauntala ya banki.

Akauntanti amalemba ndi kutsimikizira zomwe zachitika kale: ndalama zalowa zingati, zatuluka zingati, msonkho ndi wochuluka bwanji. Iwe ukuphunzira kuyankha funso lina, loti ndalama zomwe zilipo lero tichite nazo chiyani, tikongole kapena ayi, ndipo zinthu zikapanda kuyenda titaya zochuluka bwanji. Dziko lathu likusowa kwambiri anthu odziwa kuyankha funso limeneli, ndipo zimandipweteka mtima ndikaona ana anzeru akulithawa chifukwa cha mantha.

Ukuti zitsanzo n'za ku America. Tsekula buku lomwelo pamutu wa chiwongola dzanja chomwe chimaberekanso chinzake, kenaka uganize za wakatapila wa m'dera lanu. Wakongoza munthu K10,000 kuti pakutha pa mwezi abweze K15,000. Munthuyo walephera, ngongole yonse yasanduka mpamba watsopano, ndipo mwezi wachiwiri ikufika pa K22,500. Zikapitirira chomwecho kwa miyezi 12, K10,000 ija imapitirira K1,200,000. Tenga cholembera uwerengere wekha, uona kuti sindikukokomeza. Masamu omwe akukuzunguza mutuwo ndi amene amalanditsa anthu mafiriji, malata ndi ziphaso za nyumba. Ndi omwewonso amene amayi a banki m'khonde amagwiritsa ntchito pogawana phindu mu Disembala, ngakhale ambiri sanaponde m'kalasi ya yunivesite.

Kumbukiranso zomwe zinachitika mu Novembala 2023, pomwe Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse. Dola imodzi inachoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Wamalonda amene anatenga katundu kunja pangongole ya madola 10,000 anagona ali ndi ngongole ya K11.8 miliyoni n'kudzuka ili K17 miliyoni, katundu ali yemweyo. Amene anasunga ndalama kubanki pachiwongola dzanja chochepa naye anali kuluza mwakachetechete, chifukwa mu 2023 ndi 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi zoposa 25 pa 100 iliyonse pachaka. Kampani yomwe inali ndi munthu woona patali inadziteteza. Yomwe inalibe inalira. Ntchito yako idzakhala imeneyo, ndipo sikubanki kokha.

Lamulo la penshoni limalamula olemba anthu ntchito kuti azipereka ndalama zosachepera 10 pa 100 iliyonse ya malipiro a wantchito, iye mwini n'kuwonjezerapo 5. Mwezi ndi mwezi ndalama zimenezi zimathiridwa kumakampani monga NICO ndi Old Mutual, ndipo sizingangokhala m'bokosi. Pamafunika anthu oganiza kuti zingati zikongozedwe kuboma, zingati zigule masheya, zingati zimange nyumba zochititsa lendi. Palinso makampani a inshulansi, ma SACCO, mabungwe obwereketsa ndalama kwa amalonda ang'onoang'ono, a Airtel Money ndi TNM Mpamba, Unduna wa Zachuma, ndi Reserve Bank yomwe imayang'anira ambiri mwa amenewa. Sindikukulonjeza kuti ntchito idzakupeza uli khale. Achinyamata ambiri a madigiri akuyenda ndi maenvelopu m'tauni, a Accountancy omwe ali m'gulu lomwelo. Chomwe chimasiyanitsa anthu pa intavyu ndi zomwe anachita pambali pa digiriyo.

Ndiye yamba lero. Pa Malawi Stock Exchange, pomwe masheya anayamba kugulitsidwa mu 1996, pali makampani omwe umawadziwa kale: Illovo, Press Corporation, National Bank, Airtel. Makampaniwa amatulutsa poyera malipoti a momwe ayendera, ndipo chidule chake chimatuluka m'nyuzipepala. Sankha imodzi, uziitsatira mpaka udzamalize sukulu. Chilichonse chomwe mwaphunzira m'kalasi uzikachiyesa pa manambala a kampani imeneyo. Ukatero America ija ichoka m'bukumo, mutsala shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Phunzira Excel mpaka zala zizolowere, chifukwa kuofesi sadzakufunsa tanthauzo la mawu, adzakupatsa kompyuta kuti uwerengere ngongole ya kasitomala. Nthawi ya tchuthi kapemphe atachimenti, ngakhale pa SACCO yaing'ono ya kwanu, ngakhale osalipidwa. Ndipo ngati amayi ako ali m'gulu la banki m'khonde, apemphe kuti uziwathandiza kulemba kaundula. Mmenemo uphunzira msanga chifukwa chomwe munthu wabwinobwino amalepherera kubweza ngongole.

Za masamu ndikuuze mosabisa: sachepa, chaka chachitatu adzawonjezeka. Masamu a Finance salowa powerenga ngati nthano, amalowa powachita. Peza mapepala a mayeso akale, ukhale ndi anzako awiri kapena atatu olimbikira, muzisinthana kufotokozerana. Ukakakamira pena, pita kuofesi ya aphunzitsi msanga, usadikire sabata ya mayeso. Pokhapokha utaona kuti ukulephera maphunziro a masamuwo mobwerezabwereza ngakhale wayesetsa, apo ndiye ukakambirane ndi mkulu wa dipatimenti yanu za kusintha. Kuvutika kokha si chifukwa chokwanira. Ku Accountancy nakonso manambala akukudikira.

Tsopano za amalume. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, choncho nkhawa yawo ija uyisunge, koma uyiyankhe ndi dongosolo. Khomo la ukauntanti silinatsekeke kwa iwe. Ukamaliza digiri ukhoza kulemba mayeso a ICAM kapena a ACCA uku ukugwira ntchito, ndipo mabungwewa amatha kukuchotserako mapepala ena poona zomwe unaphunzira kale. Ukafunse kwa iwo eni kuti pa digiri yakoyo angakuchotsere angati. Ukadzakonda kwambiri za masheya kuli mayeso a CFA, omwe ali ndi magawo atatu, koma ndi olemetsa ndipo amalipiridwa m'madola, choncho amenewo ndi a m'tsogolo. Pakali pano maphunziro a Accounting omwe ali m'kosi yakoyo uwagwire ndi manja awiri.

Ukapita kukawaona, usapite ndi mkangano. Tenga zotsatira za mayeso ako, utengenso pepala lomwe walembapo mtengo wa kubwerera chaka chimodzi: fizi, lendi ya hositelo, chakudya, thiransipoti, kuphatikizapo malipiro a chaka chathunthu omwe udzataye pochedwa kuyamba ntchito. Ngati n'kotheka amayi ako akhalepo. Uwathokoze kaye amalumewo, kenaka uwaonetse manambalawo modzichepetsa, ndipo uwalonjeze kuti mayeso a ukauntanti udzalemba ukamaliza. Ukakambirana nawo, undilemberenso undiuze momwe zayendera.

Ndine,
Mlangizi wako