MASOKOSI A MUNTHU WOKWERA PHIRI

Inu amene mukhala ku Kitwe kapena ku Ndola mudziwa bwino mphepo ya mwezi wa June ndi July. Mizinda imeneyi iri pamtunda wopitirira mamita 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo cifukwa cace usiku kuzizira ndithu, ngakhale masana dzuwa liwala. Mamawa popita ku sukulu mubvala juzi, manja mubisa m'khwapa. Nanga mapazi awakumbukira ndani?

Funsani bambo wogwira nchito mu mgodi wa Nkana. Pansi pa nthaka pali potentha, ndipo mapazi ace acita thukuta m'majombo a mphira kufikira nthawi yoweruka. Akatuluka m'cikepe usiku, mphepo ya kunja imlandira, ndipo mapazi onyowa aja ndiwo ayamba kuzizidwa. Madzi acotsa kutentha m'thupi msanga kwambiri kuposa mpweya. Tsono sokosi si cobvala ca ulemu cabe ai. Nchito yace yaikuru ndiyo kusunga phazi louma.

Koma masokosi sali amodzimodzi. A thonje ndi otsika mtengo, ndipo m'kalasi alibe cirema. Koma akamwa thukuta amamatira ku khungu, nakhala onyowa mpaka madzulo. Khungu lonyowa lifewa, nsapato ilikhula, ndipo pa cidendene patuluka thuza. A ubweya wa nkhosa ndi ena. Ulusi wace ndi wopotanapotana, usunga mpweya pakati pace monga udzu wa pa denga utsekereza mphepo. Ubweya ukhoza kumwa cinyezi cambiri, koma ndi kukhalabe wofunda. Masiku ano aliponso masokosi osakaniza ubweya ndi nayiloni kuti asabooke msanga.

Tiyeni tinene kuti mwakula, ndipo mwapita ku Malawi kukakwera phiri la Mulanje. Nsonga yace yochedwa Sapitwa iri mamita 3,002. Munthu akakwera mamita 1,000, mpweya uzizira ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Cotero kumtundako m'nyengo yacisanu nthawi zina mame aundana pa udzu usiku. Njira ndi ya miyala, mitsinje yooloka njambiri. Thuza limene kwanu mukadaliseka, kumeneko lisandutsa mnyamata wamphamvu kukhala katundu wa anzace.

Ku mapiri a Himalaya cisanu cicita zoposa pamenepa. Thupi likazizidwa kwambiri, licepetsa magazi opita ku zala kuti lisunge kutentha kwa mtima ndi mapapo. Zala zija zicita dzanzi, ziyera, kenaka mnofu wace uundana ndi kufa. Pa 3 June 1950, Afalansa awiri, Maurice Herzog ndi Louis Lachenal, anafika pa nsonga ya Annapurna, mamita 8,091. Anali anthu oyamba kukwera phiri lopitirira mamita 8,000. Koma nsapato zao zinali zopepuka, ndipo mapazi ao anaundana. Pobwerera, dokotala wa paulendowo anayamba kuwadula zala zakufa, ndipo onse awiri anataya zala za kumapazi. Herzog anatayanso zala za kumanja, pakuti potsika anagwetsa magolovesi ace, natsetsereka kunsi kwa phiri. Comvetsa cisoni ndi ici: m'thumba mwace munali masokosi apadera amene akadabvala kumanja, koma cifukwa ca kutopa ndi kucepa kwa mpweya sanawakumbukire konse.

Ena aganiza kuti kubvala masokosi atatu pamodzi ndiyo nzeru. Iai, nsapato ikathina magazi sayenda bwino, ndipo phazi lizizira koposa kale. Sokosi imodzi yopyapyala m'kati ndi ina ya ubweya kunja zikwana, malinga zala zikhoza kugwedezeka. Pobvala onetsetsani kuti palibe khwinya kapena msoko wolimba pansi pa phazi, ndipo cibowo ca pa cidendene cisokedwe ulendo usanayambe. Nyamulani masokosi ena ouma m'kathumba kosalowa madzi. Amenewo ndi ogona nao. Musayende nao, cinkana a dzulo akali ozizira.

Mnzanu akanena kuti zala zace sakuzimva, mbvuleni nsapato pamalo obisika ku mphepo, nimuike mapazi ace pamimba panu kapena m'khwapa mwanu. Musawatikite, ndiponso musawayandikize ku moto, pakuti phazi la dzanzi lipsa mwini wace osadziwa.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji phazi lonyowa lizizira msanga?
2. Fotokozani kusiyana kwa sokosi ya thonje ndi ya ubweya.
3. Kodi Herzog akadapulumutsa bwanji zala za kumanja kwace?