Kodi Mulungu wanditaya?

Abusa,

Ndine mayi wa ana atatu. Geni yanga ya kaunjika inalowa pansi kwacha itagwa ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023, kenaka bambo a kunyumba ntchito inawathera. Ndasala kudya, ndagona kuphiri. Mneneri wina anati ndibzale mbewu ya ndalama kuti zitseguke. Ndinakongola n'kupereka, koma zii. Lero ndikagwada mawu sabwera, ndipo anzanga a kumapemphero akuti chikhulupiriro changa n'chochepa. Kodi Mulungu wanditaya?

Mayi wodandaula, Ndirande

Mayi,

Pepani ndi zimene zakugwerani. Mulungu sanakutayeni, ndipo anzanuwo akukusenzetsani katundu wosayenera.

Muwerenge Mateyu 11. Yohane Mbatizi, munthu amene anabatiza Yesu mu Yordano ndi manja ake, anali m'ndende ya Herode chifukwa chodzudzula mfumuyo pa nkhani ya Herodiya. Ali m'menemo mtima unagwedezeka, natuma ophunzira ake kukafunsa ngati Yesu analidi wolonjezedwa uja. Yesu sanamukalipire. Anangoti ophunzirawo akamuuze zimene akuona, za akhungu openya ndi opunduka oyenda, kenaka anamutamanda pamaso pa khamu lonse. Koma chitseko cha ndende sichinatseguke, ndipo pa mutu 14 Yohane akudulidwa mutu. Mbali imeneyi alaliki ambiri timailumpha chifukwa siikoma pa guwa, komatu kukhwima kuli pomwepo. Yohane funso lake lowawalo anapita nalo kwa Yesu mwini wake, ndipo inunso muzitero. Mawu akakana kubwera, khalani chete pamaso pake kapena werengani Salimo 13 mokweza, likhale pemphero lanu.

Za mbewuzo ndinene mosapsatira: musaperekenso. Pa Machitidwe 8 Simoni wa ku Samariya anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamudzudzula kolimba. Chopereka n'chabwino chikachokera pa zimene muli nazo, mwa kufuna kwanu. Ngongole yotengera mneneri ikungolanda ana anu nsima ndi fizi.

Sindingakulonjezeni tsiku limene ntchito idzapezeke, ndipo amene angakutchulireni tsiku mumusamale. Sabata ino khalani pansi ndi bambo, muwauze za ngongoleyo ngati sakuidziwa, mugwirizane kabwezedwe kake. Mukatero kaonaneni ndi mkulu wa mpingo kapena mayi mmodzi wachikulire wa m'chigwirizano, wosunga chinsinsi, mumufotokozere zonse mmene zilili, ndipo mumupemphe kuti azipemphera nanu kunyumba kwanu.

Abusa