Ntchito ya Wothandiza pa Tsiku Loulutsa Maroketi a Ana a Sukulu

Mau Oyamba

Pamene muli pa maphunziro anu pano pakoleji, kapena pamene mwapita kukayesera kuphunzitsa, mudzapemphedwa kuthandiza pa zochitika zina za kunja kwa kalasi. Chimodzi mwa izo ndi tsiku loulutsa maroketi aang'ono amene ana apanga okha. Munthu wodzipereka pa tsiku lotere ali ndi ntchito ziwiri: kuteteza ana kuti asavulale, ndi kuonetsetsa kuti ntchito yoganiza yatsala m'manja mwa anawo. Yoyambayo aliyense amaikumbukira, koma yachiwiri imaiwalika kawirikawiri.

Kumene Malamulo Anachokera

M'zaka za m'ma 1950, makamaka dziko la Soviet Union litatumiza Sputnik 1 mumlengalenga pa 4 Okutobala 1957, achinyamata ambiri ku America ankasakaniza okha mankhwala ophulika pofuna kupanga maroketi, ndipo ena anavulala kwambiri. Orville Carlisle, wogulitsa nsapato wa ku Norfolk m'chigawo cha Nebraska, anali atapanga kale mu 1954 kainjini kogwira ntchito kamodzi kokha, koulutsira roketi yopepuka. Iye anatumiza zimene anapangazo kwa G. Harry Stine, amene ankagwira ntchito pamalo oyesera maroketi ku White Sands. Mu 1957 awiriwa anayambitsa bungwe limene lero limatchedwa National Association of Rocketry.

Malamulo a bungweli amati pa maroketi a injini zazing'ono anthu aime patali ndi mamita osachepera 4.5, mphepo isapose makilomita 32 pa ola, ndipo roketi ikakana kunyamuka, munthu asayandikire mpaka patapita masekondi 60. Malamulowa anabadwa chifukwa cha ngozi zenizeni. Motero musalole konse ana, kapena wamkulu aliyense, kupanga wonga pofuna kuulutsira roketi.

M'sukulu zathu zambiri injini zogula sizipezeka msanga, ndiponso moto pafupi ndi udzu wouma wa m'chilimwe ndi woopsa. Roketi ya madzi imaphunzitsa mfundo yomweyo popanda moto, ndipo ndiyo tikambe pano.

Zipangizo ndi Kaulukidwe

Pafunika botolo la pulasitiki la malita 2 la chakumwa cha gasi, katoni yodulira zipsepse zitatu kapena zinai, selotepi, chotsekera cha labala chothina bwino pakamwa pa botolo, vavu ya chubu chakale cha njinga, pampu ya njinga, ndi kapaipi kakatali kolumikiza pampu ndi vavuyo. Botolo la galasi, kapena la pulasitiki lofwanyika, lisagwiritsidwe ntchito. Kunsonga kwa roketi kusaikidwe chitsulo kapena chinthu chosongoka.

Botolo limathiridwa madzi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, nkutsekedwa, nkuimikidwa chadodolido, kamwa ili pansi. Mukamapopa, mpweya umapanikizika pamwamba pa madziwo kufikira chotsekera chitafwamphuka. Madzi amatuluka mwamphamvu kulunjika pansi, ndipo botolo limakankhidwira kumwamba. Ili ndi lamulo lachitatu la kayendedwe ka zinthu limene Isaac Newton anasindikiza mu 1687: chinthu chikakankha chinzake, chinzakecho chimabwezera mphamvu yofanana kumbali yosiyana. Mwana amene anadumphapo kuchoka m'bwato, naliona likubwerera m'mbuyo, amalidziwa kale lamuloli ngakhale sadziwa dzina lake.

Kugawana Ntchito

Mutu umodzi susenza denga. Mphunzitsi mwini phunziro agawe ntchito kwa othandiza tsiku lisanafike, motere:

1. Woyang'anira bwalo. Iye yekha ndiye wololeza kuti roketi iuluke. Asankhe pakati pa bwalo la mpira, kutali ndi nthambo za magetsi, mitengo, madenga ndi mseu. Mphepo ikakula, monga ichitira m'nyengo ya mwera, aimitse zonse.

2. Wosunga mzere. Alembe mzere ndi phulusa kapena laimu, kutali ndi poulutsira ndi mapazi aakulu khumi kapena kuposerapo. Ana onse aime kuseri kwa mzerewo, maso ali pa roketi, ndipo asathamangire kuiwakha ikamagwa.

3. Woona maroketi. Aone botolo lililonse ngati lili ndi ming'alu, ndiponso ngati zipsepse zamatidwa molimba.

4. Wothandiza wopopa. Aonetsetse kuti roketi yaloza kumwamba, osati kwa anthu, ndi kuti palibe woweramira pamwamba pake. Chotsekera chimafwamphuka chokha mosachenjeza, choncho ana awerenge chobwerera kuchokera pa 5 asanayambe kupopa, kuti onse atchere khutu. Roketi ikakana kunyamuka, ana asayandikire. Wamkulu adikire, kenaka atulutse mpweya pa vavu ali chammbali.

5. Wothandiza olemba zotsatira. Cholembera ndi wotchi zikhale m'manja mwa ana.

Yesero la Wothandiza

Tsiku lina ndinathandiza pa sukulu ina ya pulaimale. Wothandiza mnzanga, munthu wachifundo ndi waluso, ataona kuti ana a gulu lake akuchedwa, anawalanda lumo, nadula zipsepse zonse yekha, nayeza madzi yekha. Roketi yao inauluka mokongola, ana nakuwa ndi chimwemwe. Koma nditawafunsa chifukwa chake anathira madzi ochuluka chotero, anayankha kuti, “Ndi mmene anathirira aphunzitsi.”

Gulu lina linadzaza botolo pafupifupi lonse, poganiza kuti madzi ambiri apereka mphamvu zambiri. Roketi yao inangodumpha pang'ono nkugwa, anzao nkuseka. Wothandiza wao sanawauze cholakwa. Anangofunsa kuti, “Kodi chimakankha madziwo nchiyani? Nanga mwachisiyira malo okwanira?” Mtsikana wina anaganiza kwa kanthawi, nati, “Mpweya ndi umene unachepa, aphunzitsi, ndiponso botolo linalemera.” Anachepetsa madzi nayesanso. Pomaliza gulu limeneli ndilo linatha kufotokozera kalasi yonse chifukwa chake madzi ochuluka ndi ochepetsetsa omwe salola roketi kupita patali.

Tsono taonani kuti kulephera kumene sikuvulaza munthu ndi chipangizo chophunzitsira, ndipo wothandiza asawalande ana chipangizo chimenechi. Lowererani msanga pamene pali ngozi. Pamene palibe ngozi, ikani manja kumbuyo, mufunse funso. Onetsetsaninso kuti atsikana ndi ana amanyazi alandira mpata wopopa ndi woyeza, pakuti anyamata olimba mtima amakonda kulanda pampu.

Kuyeza ndi Kukambirana

Popanda kuyeza, tsikuli likhala la masewera chabe. Gulu lililonse liulutse roketi imodzimodzi katatu: ndi madzi ochepa, ndi gawo limodzi mwa atatu, ndiponso ndi theka. Lisinthe chinthu chimodzi chokha nthawi iliyonse, nkulemba masekondi amene roketi yakhala m'malere.

Ana a Sitandade 8 akhoza kuyeza utali wa kumwamba. Mwana aime mamita 20 kuchokera poulutsira, nayeze ngodya ya pamene roketi yalekezera kukwera. Ngodyayo ikakhala madigiri 45, ndipo roketi inakwera mowongoka, ndiye kuti yakwera mamita 20 kuwonjezapo msinkhu wa mwanayo kufika m'maso. Pa ngodya zina ajambule chithunzi choyezedwa bwino m'makope mwao.

Musabalalike musanakambirane. Ana akhale pamthunzi, gulu lililonse linene chimene linayembekezera, chimene chinachitika, ndi chimene lingasinthe. Pambuyo pake atole mabotolo ndi zinyalala zonse.

Zoti Muchite

1. Pangani roketi ya madzi ndi anzanu awiri, muiyese musanapite nayo kwa ana.

2. Lembani mafunso asanu amene mungafunse gulu limene roketi yake yapinduka-pinduka m'malere, popanda kuwauza yankho.

3. Kholo lina lodzipereka layamba kuwapangira ana roketi. Mungalankhule nalo bwanji mwaulemu kuti libwezere ntchitoyo kwa ana?