Mbewu Zokhalitsa Pakhomo: Za Padzuwa ndi Za Pamthunzi

Mwezi wa Okutobala ukafika, mayi aliyense amadziwa funso limene limamudzutsa m'mamawa: nsima ya lero tidyera chiyani? Nkhwani udauma kalekale, bonongwe wa m'munda adatha, mfutso wa m'chikwatu watsala wongonunkhiza, ndipo kumsika kamulu ka mpiru kachepa pamene mtengo wake wakwera. M'miyezi imeneyi ana ambiri amadya nsima ya ndiwo zamtundu umodzi tsiku ndi tsiku, ndipo pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa, gulu la zamasamba ndi la zipatso ndiwo amayamba kusowa m'mbale.

Komabe m'mudzi momwemo mumapezeka khomo lina limene mayi amangotuluka ndi lichero, n'kubwera ndi chigwada, masamba a chamwamba, papaya lakupsa ndi ndimu. Mayi ameneyu alibe dimba lalikulu. Ali ndi mbewu zokhalitsa, ndipo adazibzala pamalo pake.

Amayi anzanga, phunziro lathu la mwezi uno likukhudza kasankhidwe ka mbewu zotere. Mfundo yake yaikulu ndi imodzi: tisanasankhe mbewu, tiyambe tadziwa m'mene dzuwa limayendera pakhomo pathu.

Mbewu zokhalitsa n'ziti?

Chimanga, nyemba, mpiru ndi maungu timabzala chaka chilichonse. Zikabereka zimauma, ndipo chaka chamawa timayambanso. Mbewu zokhalitsa timabzala kamodzi, ndipo zimakhala zaka zingapo, zina zaka zambirimbiri, zikutipatsa chakudya. Zitsanzo ndi nthochi, mapapaya, chamwamba, nandolo, mabulosi, magwafa, mandimu, mapeyala ndi mango. Mizu yake imapita pansi kumene chinyontho chimakhalabe ngakhale mvula italeka, n'chifukwa chake zimakhala zobiriwira m'chilimwe pamene zina zonse zauma.

Ubwino umenewu uli ndi chenjezo lake. Mukalakwitsa malo a mpiru, mwataya miyezi iwiri. Mukalakwitsa malo a mtengo wa zipatso, mwataya zaka. Ambiri a ife tidaonapo papaya lobzalidwa patsinde pa mango chifukwa choti pamenepo m'pozizira bwino. Limakula lalitali ndi loonda, likupendekera kunja kufunafuna kuwala, ndipo zipatso zake zimakhala ziwiri kapena zitatu zazing'ono. Madzi onse amene mwini wake adatunga kumjigo adapita pachabe. Akuluakulu adati m'mera m'poyamba.

Yambani ndi kuona dzuwa

Sankhani tsiku limene muli pakhomo. Yang'anani bwalo lanu katatu: cha m'ma 8 koloko m'mawa, dzuwa lili paliwombo, ndiponso cha m'ma 4 koloko madzulo. Nthawi iliyonse ikani timiyala kapena tizikhomo m'malire mwa mthunzi. Pofika madzulo muona kuti khomo lanu lili ndi malo amitundu itatu.

Malo a padzuwa ndi amene amawombedwa ndi dzuwa maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pa tsiku. Malo a mthunzi wopepuka amalandira dzuwa maola atatu mpaka asanu, kapena kuwala kodutsa m'masamba a mtengo. Malo a mthunzi wandiweyani salandira dzuwa ngakhale maola atatu, monga patsinde pa mango wamkulu kapena pakampata ka pakati pa nyumba ndi mpanda.

Dziwaninso kuti mthunzi umasuntha ndi nyengo. Dziko lathu lili kum'mwera kwa mzere wodula dziko lapansi pakati, choncho mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo khoma la kum'mwera kwa nyumba limakhala pamthunzi pafupifupi tsiku lonse. Kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale dzuwa limadutsa pafupifupi pamutu penipeni, ndipo mthunzi wa masana umafupika kwambiri. Malo amene mudawaona ozizira mu Juni akhoza kukhala ng'anjo mu Novembala. Mbali ya kum'mawa imalandira dzuwa lofatsa la m'mawa, pamene mbali ya kumadzulo imalandira dzuwa lotentha la masana, lija lofotetsa mbande.

Mitengo nayo imasiyana. Mango ndi mapeyala amakhala ndi masamba chaka chonse. Nsangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kuphukanso m'chilimwe, n'chifukwa chake chimanga chimachita bwino pansi pake. Bulugama amamwa madzi ambiri, ndipo mbewu za pafupi naye zimavutika ngakhale zitalandira dzuwa lokwanira.

Mbewu za padzuwa

Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: mbewu imene mukufuna kuti ichite maluwa ndi kubereka zipatso zokoma imafuna dzuwa lambiri.

Chamwamba, chimene ena amati moringa, chimakonda dzuwa ndi nthaka yosasunga madzi. Chimachita bwino kwambiri m'madera otentha monga Chikwawa, Nsanje, Salima ndi Karonga, ndipo kumalo ozizira chimakula pang'onopang'ono. Mutha kubzala njere kapena nthambi yokhwima. Chikafika msinkhu wa munthu chiduleni kunsonga kuti chichite nthambi zambiri zofikirika. Masamba ake ali ndi vitamini A, ayironi ndi zomanga thupi. Aphikeni ngati ndiwo, kapena aumitseni pamthunzi, musinje, muzithira ufa wake m'phala la ana.

Mapapaya amayamba kubereka chaka chisanathe kapena chitangotha, ndipo amabereka bwino zaka zitatu kapena zinayi. Salola madzi oima patsinde pake. Bzalani mbande zingapo, chifukwa ena amakhala amphongo, a maluwa ambiri olendewera koma osabereka. Mukawazindikira siyani mmodzi yekha, ena onse muchotse.

Nandolo amapirira chilala, amakonza nthaka, ndipo mukamusiya osamuzula amaphukanso n'kubereka zaka zingapo. Bzalani m'mbali mwa mpanda. Chinangwa nachonso n'cha padzuwa, ndipo mitengo yochepa yosiyidwa pakhomo imapereka chigwada pafupifupi chaka chonse. Magwafa ndi mandimu amatipatsa vitamini C, amene amathandiza thupi kugwiritsa ntchito ayironi wa m'ndiwo zamasamba. Udzu wa tiyi uja wonunkhira ngati mandimu, umene ambiri amautcha lemoni gilasi, umachuluka msanga padzuwa, ndipo phata limodzi limatha kugawidwa kwa amayi ambiri.

Mango ndi mapeyala amafuna dzuwa, komanso amafuna malo. Abzaleni kutali ndi khoma la nyumba, chitsime ndi chimbudzi, mapazi osachepera khumi a munthu wamkulu, chifukwa mizu ndi nthambi zake zimafika patali. Mbande zomezanitsa zimayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, msanga kuposa zofesa ndi njere. Mapeyala amachita bwino m'madera ozizirirako a mvula yambiri monga Thyolo, Mulanje ndi Zomba. Musanakumbe dzenje, dzifunseni kuti mthunzi wa mtengo umenewu udzagwera pati zaka khumi zikubwerazi.

Mbewu za pamthunzi wopepuka

Mbewu zambiri zimene timadya masamba kapena mizu yake zimalola mthunzi pang'ono, ndipo zina zimaukonda ndithu.

Jinja ndi manjano, amene m'masitolo amalembedwa kuti tameriki, kwawo n'kunsi kwa mitengo. Amafuna nthaka yofewa ya manyowa ambiri ndi chinyontho. Bzalani tizidutswa ta maso awiri kapena atatu kumayambiriro kwa mvula. Pakatha miyezi isanu ndi itatu mpaka khumi masamba amauma. Musaganize kuti mbewu yafa, koma yakhwima. Kumbani imene mukufuna, ina muisiye m'nthaka, idzaphukanso ndi mvula.

Koko amakonda malo onyowa a mthunzi pang'ono, monga m'mphepete mwa nthochi. Timadya mizu yake ndi masamba omwe. Minti amachita bwino kumbali ya kum'mawa kwa nyumba, koma amayanga mofulumira, choncho ndi bwino kumubzala m'ndowa yakale yoboola kunsi. Nanazi ndi mabulosi amalola mthunzi pang'ono, ngakhale zipatso zake zimatsekemera kwambiri zikamalandira dzuwa lokwanira. Magalagadeya amafuna kuti tsinde likhale pozizira koma nsonga zifike padzuwa, choncho abzaleni patsinde pa mpanda kapena pa thandala kuti akwere.

Nthochi zili pakati. Zimabereka bwino padzuwa, koma zimafuna madzi ambiri ndi malo otetezeka ku mphepo. Pamalo pamene madzi a kubafa amatsikira, kumbani dzenje, mulidzaze ndi zinyalala zowola ndi udzu, ndipo mubzale nthochi mozungulira. Nthochizo zikakula zimapanga mthunzi wopepuka umene koko ndi jinja amaufuna. Onetsetsani kuti madziwo akulowa pansi, chifukwa madzi oima amaswetsa udzudzu wa malungo. Samalaninso kumene mukutenga ana a nthochi. Matenda a chisaka adawononga nthochi zambiri ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, ndipo amafala kudzera m'mbewu yodwala ndi nsabwe za nthochi. Nthochi ya masamba opyapyala, oima tsonga ndi ounjikana kunsonga musatengeko mbewu, ngakhale akupatseni ulele. Funsani mlangizi wa zaulimi kumene kuli mbewu yabwino.

Nanga pamthunzi wandiweyani?

Patsinde penipeni pa mango wamkulu musalimbane napo. Kuwala n'kochepa, ndipo mizu ya mtengo imalanda madzi onse. Malo amenewa ali ndi ntchito zina: kuikapo nazale ya mbande za m'machubu, kupangirapo mulu wa manyowa, kuumitsirapo masamba a chamwamba ndi ndiwo zina kuti zisataye zofunika m'thupi, ndiponso kukhalapo ana ndi alendo. Ngati mukufuna kuwala kochulukirapo, dulirani nthambi zam'munsi mukatha kukolola zipatso, ndipo mubzale jinja kapena koko chakumapeto kwa mthunzi.

Kabzalidwe ndi chisamaliro

Nthawi yabwino yobzala ndi pamene mvula yakhazikika. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma amene wabzala koyambirira amapatsa mbande miyezi yambiri ya mvula isanakumane ndi chilimwe. Pa mitengo ya zipatso kumbani dzenje la masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya komwe. Dothi lapamwamba liikeni padera, mulisakanize ndi manyowa owola bwino, ndipo ndilo liyambe kubwerera m'dzenje.

Phimbirani nthaka ndi udzu kapena masamba ouma, koma zophimbirazo zisakhudze tsinde poopa chiswe ndi kuwola. M'chilimwe choyamba thirirani madzi okwanira kawiri pa sabata, m'malo mowaza pang'onopang'ono tsiku lililonse, kuti mizu iphunzire kupita pansi. Ndipo musaiwale mbuzi. Zikamasulidwa anthu atakolola, mbande yopanda chitetezo imatha tsiku limodzi. Mangani kampanda ka minga, nsungwi kapena njerwa tsiku lomwe mwabzalalo.

Chenjezo la zaumoyo

Chigwada chiyenera kusinjidwa ndi kuphikidwa mpaka chipse bwinobwino, mphika uli wosavundikira, chifukwa masamba a chinangwa aawisi ali ndi poizoni. Koko wosapsa, masamba ndi mizu yomwe, amayabwa kukhosi. Chamwamba ndi chakudya chabwino, koma sichilowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala. Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi asasiye kumwa mankhwala awo, ndipo mwana wotentha thupi apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Amayi oyembekezera asagwiritse ntchito mizu kapena makungwa a chamwamba. Maluwa ena okongoletsera pakhomo ali ndi poizoni, makamaka otuluka utomoni woyera ngati mkaka, choncho musabzale duwa limene simukulidziwa pamalo osewerera ana.

Ntchito ya pagulu

Pafupifupi mbewu zonse tatchulazi zimafalitsidwa popanda ndalama: nthambi ya chamwamba, ya chinangwa kapena ya mabulosi, kachidutswa ka jinja, korona wa nanazi, phata la lemoni gilasi. Chimene mayi mmodzi alibe, mnzake ali nacho. Pamsonkhano wotsatira aliyense abwere ndi mbewu imodzi yathanzi yoti agawire anzake, komanso pepala limene wajambulapo khomo lake, kusonyeza pamene pali dzuwa ndi pamene pali mthunzi. Muyambe ndi mbewu ziwiri zokha, ina ya padzuwa, ina ya pamthunzi, zimene mungathe kuzithirira mpaka mvula ya chaka chamawa. Mukumbukirenso makomo a agogo ndi a odwala, amene sangathe kukumba okha dzenje.

Mafunso okambirana

1. Ndi miyezi iti imene ndiwo zamasamba ndi zipatso zimasowa kwambiri m'dera lathu, ndipo ndi mbewu ziti zokhalitsa zimene zimakhala zikubereka nthawi imeneyo?

2. Kodi pali mbewu imene mudabzalapo koma sidachite bwino? Mukaganiza tsopano, vuto lidali dzuwa, madzi, nthaka kapena ziweto?

3. Madzi a kubafa ndi otsukira mbale pakhomo panu amapita kuti, ndipo mungabzalepo chiyani?

4. Ndi makomo ati m'mphakati mwathu amene tingawathandize kubzala mvula ikubwerayi, ndipo ndani adzathirire m'chilimwe?