Makina Oyesa Nzeru za Mwana

Anzanga ndi aphunzitsi athu, ndifuna tiganizepo za makina ophunzitsa ana, otchedwa tabuleti. Kuno ku Dzaleka, pamsasa umene unatsegulidwa m'chaka cha 1994, m'kalasi imodzi mupezamo ana olankhula Chiswahili, Chirundi, Chinyarwanda ndi Chichewa. Nanga mphunzitsi mmodzi angadziwe bwanji pamene aliyense wafika?

Tsono bungwe la onebillion linakonza maphunziro a kuwerenga ndi masamu m'makinamo. Machitidwe ake ndi awa: poyamba makina ayesa mwana ndi mafunso owerengeka. Akakhoza, ampatsa ntchito yolimbirapo; akalephera, ambwezera pa yofewa, nasunga mbiri ya zimene wachita. M'chaka cha 2023 Boma linayamba kugawa makinawa m'masukulu 500, kwa ana a Sitandade 1 kufikira 4.

Koma ine nditi: makina aona kuti mwana walakwa, chifukwa chake sachidziwa ayi. Kapena wagona ndi njala, kapena chinenero chamsokoneza. Zimenezi azipeza ndi mphunzitsi pomfunsa mwanayo mofatsa. Chonde aphunzitsi, werengani mbiriyo, koma ang'ono athu musawasiyire makina okha, pakuti mutu umodzi susenza denga.