Mbiri ili pakhonde: tiwafunse bwanji agogo?

Anzanga, tikamva zoti kafukufuku timaganiza manambala: anthu angati, matumba angati. Koma ulipo wina wofunsa kuti zinthu zinayenda bwanji, nanga anthu zinawakhudza motani. Zida zake ndi khutu, kope ndi cholembera basi.

Taonani chitsanzo. Mu 1949 m'dziko muno munagwa njala yoopsa, makamaka kummwera. Malipoti a boma la atsamunda ankachulutsa za mvula, chimanga ndi fodya. Patapita zaka, katswiri wa mbiri Megan Vaughan anacheza ndi anthu a m'midzi ya m'boma la Blantyre, n'kumvetseranso nyimbo zomwe amayi ankaimba posinja. M'menemo munatuluka nkhani ina: amuna ambiri anachoka, ati kukasaka chakudya, ena osabwereranso, amayi n'kutsala okha ndi ana. Buku lake linatuluka mu 1987.

Nafenso tingathe. Nazi njira zake:

1. Sankhani nkhani imodzi, monga njala ya 2002 kapena riferendamu ya 1993. Mukati "tatiuzani zakale", mungowabalalitsa.

2. Pemphani kaye. Khalani pansi mwaulemu, fotokozani cholinga chanu. Osawajambula mawu pafoni mobisa ayi. Akakana kuti dzina lawo lilembedwe, lisiyeni.

3. Funso likhale lowamasula. Mukati "Munavutika?" angoti "Eya", nkhani yathera pompo. Koma tayesani: "Agogo, masiku amenewo munkadya chiyani? Munkachipeza kuti?"

4. Akaiwala chaka musawapanikize. Funsani: "Mwana wanu woyamba anali atabadwa?"

5. Osawadula pakamwa. Akakhala chete, dikirani. Misozi ikalengeza, lekani, mudzabwerenso.

6. Funsani anthu angapo, amayi paokha, abambo paokha. Akasiyana, lembani mbali zonse, osangotola yokusangalatsani. Kenako yerekezani ndi zomwe zili m'buku la histole.

7. Lembani bwino tsiku lomwelo musanaiwale, pamodzi ndi deti ndi malo. Mawu awo akhale paokha, maganizo anu paokha. Kuthira mchere kuti nkhani ikome n'kuwanamizira agogowo.

Amene anali ndi zaka 10 mu 1949 lero adutsa zaka 80. Akatisiya, zomwe anaona apita nazo, ndipo palibe laibulale yomwe tikazipeze. Holide ikubwerayi, tengani kope, kagogodeni.