Adokotala alemba chiyani? Mawu a khansa ya timatumba ta mazira

Sabata yatha, titamaliza phunziro la mafunde a phokoso, mtsikana wina wa Folomu 3 anatsalira m'kalasi. Anatulutsa buku lakuchipatala la azakhali ake. "Sala, kunyumba palibe akumva zimene alembazi. Ena akuti analodzedwa." Azakhaliwo anasiya kusamba kalekale, koma mimba ikungokula.

Ine si dokotala, ndine wa fizikisi. Koma mawuwo tinawamasulira limodzi, ndipo ndaona kuti nanunso muwadziwe.

Ovary ndi kathumba kopanga mazira a mayi. Tilipo tiwiri, kena kumanzere kena kumanja kwa chiberekero.

Ascites ndi madzi odzadza m'mimba. Khansa imatha kuyambitsa zimenezi, koma osafulumira kugamula. Kwathu kuno ku Katunga, kumene ambiri timasamba ndi kuwedza mu Shire, likodzo lowononga chiwindi limatupitsanso mimba. Nchifukwa chake amajambula kaye.

Ultrasound ndiyo sikani ija, ndipo apa ndi pathu a fizikisi. Khutu la munthu limalekeza pa 20,000 Hz. Makinawa amatumiza mafunde a ma Hz mamiliyoni, nkudikira abwerere, monga achitira mleme usiku. M'minofu phokoso limathamanga mamita 1,540 pa sekondi. Tiyerekeze labwerera patatha masekondi 0.0001. Chulukitsani, mupeza mamita 0.154. Gawani pawiri, poti lapita nkubwera: chinthucho chili masentimita 7.7 mkati. Mwaona eti? Madzi amaoneka akuda pa sikirini, mnofu umaoneka wotuwa.

Cyst ndi chotupa chamadzi. Zambiri mwa izi si khansa ayi, zina zimatha zokha. Akalemba benign ndiye kuti chotupacho sichifalikira. Akalemba malignant ndiye khansa.

CA-125 ndi puloteni amene amayeza m'magazi. Amakwera pa khansayi, koma amakweranso pa TB ya m'mimba, ngakhale pa nthawi yosamba. Payekha satsimikiza kanthu. Chotsimikiza ndi biopsy: kudula kachidutswa ka chotupa nkukaunika pa maikulosikopu.

Stage ikunena pamene matenda afika. Pa 1 akadali m'timatumba tokha, pa 2 afalikira m'chiuno, pa 3 alowa m'mimba, pa 4 afika kutali monga kumapapo.

Chithandizo chachikulu ndi opaleshoni ndi chemotherapy, mankhwala opha maselo ogawikana msanga. Tsitsi limathothoka chifukwa maselo ake nawo amagawikana msanga, koma limameranso. Palliative care ndi chisamaliro chochepetsa ululu, monga chimene amapereka ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Sikuti munthu amutaya.

Atsikana, mvetsetsani apa. Katemera wa HPV uja, ndi kuyeza kwa viniga kuja, ndi za khansa ya khomo la chiberekero. Iyi ndi ina, ndipo njira zimenezo siziigwira. Imabisala m'zizindikiro zooneka zazing'ono: mimba kutupa, kukhuta msanga, kupweteka m'chinena, kukodza pafupipafupi. Zikapitirira masabata angapo, makamaka kwa amayi opitirira zaka 50, akaonane ndi achipatala.

M'buku muja munalinso mawu awiri ofupika: refer QECH. Chipatala chimene anapita chinawatumiza ku Queens, koma buku linangokhala m'chikwama miyezi iwiri chifukwa panalibe wowerenga. Lolemba lapitali akwera minibasi, adutsa pa Thabwa, akwera mapiri kupita ku Blantyre. Zotsatira tikudikira.

Ntchito yakunyumba: mafunde akabwerera patatha masekondi 0.00006, chotupa chili masentimita angati mkati? Lachisanu mubwere ndi yankho.